Maselo a Achimwene

Achimwene anamwalira m'nyengo yozizira, koma ine ndinapitiriza kuwadyetsa kwa zaka pafupifupi ziwiri.

Musandiyang'ane choncho, sindine mfiti. Ndimagwira ntchito mu labu yofufuza khansa ya m'matumbo, kuseri kwa chipatala chachikulu, m'nyumba imene anthu odutsa amaiyesa mochapira zovala za odwala chifukwa cha fungo la bulichi. Ntchito yanga ndi kuweta maselo, tinthu ting'onoting'ono timene timapanga thupi la munthu. Madokotala akadula chotupa m'mimba mwa wodwala, ngati mwini wake walola, amatitumizira kachidutswa. Timakanyenya, n'kuika maselo ake m'timabotolo tapulasitiki togona cham'mbali, n'kuthiramo madzi ofiirira amene ndi chakudya chawo. Kenako timawatsekera m'kabati yowafungatira. Maselo amoyo amatsikira pansi pa botolo, n'kumata, n'kuyamba kuswana. Akufa amangoyandama. Madzi aja akasanduka achikasu ndiye kuti chakudya chatha, uwathirire ena. Sadziwa Loweruka, sadziwa Lamlungu, ndipo ukawaiwala sakhululuka.

Achimwene anali woyala matailosi, ndipo ine ndinali mlongo wawo mmodzi yekhayo. Ankanditchula kuti adokotala a mabotolo, ponena kuti ndinaphunzira zaka zonse zija koma palibe wodwala ndi mmodzi yemwe amene anayamba wandithokozapo. Anali munthu wa nthabwala choncho, koma pa za thupi lawo anali ouma mutu koopsa. Anakhala akuona magazi kuchimbudzi kwa nthawi yaitali, n'kumauza akazi awo kuti ndi matenda a mudzi chabe, obwera chifukwa chonjuta tsiku lonse. Ine, amene ndimagona n'kudzuka ndi matenda omwewa, sanandiuze. Ndinamva atagwa kale pantchito. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimapsa mtima, ndipo sindichita manyazi kupsera mtima munthu wakufa.

Opaleshoni ili mawa, ndinawapeza atakhala tsonga pabedi, atavala chimkanjo cha chipatala chotsegula kumsana.

"Adokotala a mabotolo," anatero, "anabwera anzanu aja kudzapempha chinthu chili m'mimbamu. Ndawapatsa. Akachichotsa mupite nacho kwanuko, mukachiphunzitse khalidwe."

"Mukanabwera nacho chili chaching'ono bwenzi chitamva," ndinatero.

"Aaa, mwayambatu. Munthu ali pabedi la chipatala, inu ndi ulaliki."

Kachidutswa kakamabwera kwathu sikakhala ndi dzina. Kamakhala ndi nambala yokha, dala, kuti tisadziwe mwini wake. Koma m'mawa umenewo opaleshoni ya matumbo inali imodzi yokha. Ndinadziwa, ndipo Pulofesa, amene ndi mkulu wa labu yathu, anadziwa kuti ndadziwa. Ndi mayi wamfupi, wosataya mawu pachabe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Ndikhoza kupatsa wina," anatero.

"Ndigwira ndekha."

"Botolo ndi botolo. Tsiku limene mudzayambe kulipatsa moni, mudzandiuze."

Maselo a achimwene anamata, koma anali aulesi. Ankaswana mokakamiza, ngati mmene mwini wake ankadzukira Lolemba m'mawa. Nditavutika nawo kwa miyezi ndinapeza ochepa oti n'kusungako, n'kuwaika m'kabotolo kamodzi kotalika ngati chala, n'kukaumitsa m'thanki yozizira koopsa ya nayitulojeni, mmene maselo amagona osakalamba. Otsalawo ndinapitiriza kuwanyengerera m'kabati. Pamene ine ndinkachita zimenezi, mwini wake anali akutha. Chotupa anachichotsa bwinobwino, koma maselo ena anali atachoka kale m'matumbo n'kukamanga m'chiwindi.

Kuchoka kumeneku ndi kumene labu yathu imafufuza. M'matumbo a munthu wabwinobwino maselo amakhala moyandikana, lililonse litamatana ndi anzake ndi guluu amene limapanga lokha. Chotupa chimene changokhala pamalo amodzi dokotala amachidula, munthu n'kubwerera kwawo. Chimene chimapha ndi pamene maselo asiya kupanga guluu uja, n'kutayana, lililonse n'kuyamba ulendo wake m'magazi. Ndiye m'kati mwa selo muli tizidutswa tating'ono kwambiri totchedwa maikulo-RNA. Tizidutswa timeneti sitimanga kanthu. Ntchito yake ndi kutseka pakamwa mauthenga ena asanamveke. Pali uthenga wina woipa umene umauza selo kuti lileke kupanga guluu. Kamaikulo kena, kamene timakatchula kuti miR-200, kamautseka pakamwa uthengawo, guluu n'kumapangidwabe. Kakachepa, uthenga uja umamveka, maselo n'kutayana. Ndinawafotokozerapo achimwene zimenezi ali m'chipatala. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndiye kuti m'mimba mwawo munangosowa munthu mmodzi woletsa miseche.

Tsiku limene tinawaika m'manda, pobwerera ndinadutsira ku labu ndi zovala zakuda zomwezo, chifukwa madzi m'botolo anali atayamba chikasu. Ndinathira madzi atsopano. Kuyambira pamenepo mantha anga anali amodzi, oti angafenso kachiwiri, ulendo uno m'manja mwanga.

Patapita milungu ingapo, mlonda wa pageti anandiimbira kuti ndili ndi mlendo. Anali alamu anga, akazi a achimwene. Ali ndi saluni yawo m'tauni, ndipo anafika akununkhira mafuta a tsitsi, chikwama atachigwira ndi manja awiri ngati munthu wodzazonda wodwala.

"Mlamu, amuna anga anandiuza kuti ndikadzawasowa ndidzabwere kwa inu. Akuti ali m'botolo."

"Alamu, inu simukuwadziwa achimwene? Zinali zocheza zimene zija."

"Ndikudziwa. Ndingowaona basi."

Ndinawaveka chovala choyera cha mu labu, n'kuwakhazika pa maikulosikopu, n'kuika botolo pansi pake. Zooneka pamenepo si zoti munthu n'kuchita nazo chidwi. Ndi timagulu ta tinthu totuwa, apa ndi apo, ngati madontho a mafuta pamadzi. Alamu anayang'ana nthawi yaitali.

"Akupuma?"

"Sapuma ngati ife. Koma ndi amoyo."

Anayamba kubwera Lachiwiri lililonse masana, tsiku limene kusaluni kumakhala zii. Pulofesa ataona anangopukusa mutu, n'kulamula kuti mlendo azikhala m'chipinda chakunja ndipo asakhudze kanthu. Poyamba alamu ankangoyang'ana. Kenako anayamba kulankhula motsitsa, diso lili pa maikulosikopu. Ankawauza kuti mwana wawo wamkazi wakhoza mayeso, kuti mpopi wa kubafa wayambanso kudontha, kuti kasitomala wa pakamwa uja wabweranso ndi tsitsi lopsa lomwe lija. Tsiku lina zinandikwana.

"Alamu, ndikuuzeni mosapsatira. Amenewa si achimwene. Ndi chimene chinawapha achimwene."

Sanachotse diso pamene linali. "Chinachokera kuti?"

"M'matumbo mwawo."

"Ndiye ndi thupi lawo. Mwana akakhala wakuba amasiya kukhala wako? Chibale ndi fupa, mlamu, sichiola."

Ndinatenga botolo n'kulibwezera m'kabati.

Ndipo ndisanamizire alamu okha. M'mawa wina ndinangozindikira kuti ndatsegula kabati n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Ndinacheuka kuti ndione ngati wina wamva, ndipo Pulofesa sindinawauze. Kuyambira pamenepo labu inasintha. M'chipinda cha maselo muli makina ogwedeza mabotolo amene amalira kuti go, go, go, mofanana ndi kanyundo karabala kamene achimwene ankagogodera matailosi kuti akhale bwino. Ndikakhala ndekha masana a Lamlungu, nyumba yonse ili zii, ndinkatchera khutu. Ndinkamva ngati munthu wanjuta kumbuyo kwanga akugwira ntchito yake. Sindinkacheuka, chifukwa ndinkaopa kupeza kuti palibe munthu. Ndinasiya kupita ku tchuthi. Magetsi akathima ndili kunyumba, ndinkaimbira mlonda kuti andimvetsere ngati jenereta yalira, mpaka bamboyo anayamba kuyankha foni yanga ndi mawu akuti, "Yalira, adokotala," ndisanafunse n'komwe.

Chaka chisanathe zinthu zinatembenuka. Maselo aulesi aja anadzuka. Botolo limene linkatenga mwezi kuti lidzaze linayamba kudzaza mlungu usanathe. Ndinadzitama kwa anzanga kuti ndawapezera kadyetsedwe kake, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Alamu ataona mmene achulukira anaomba m'manja.

"Achira!" anakuwa, kenako n'kudzigwira pakamwa atamva zimene anena.

Tinaseka tonse awiri mpaka misozi. Ndinali wokondwa, ndipo munthu wokondwa safunsa mafunso.

Tsopano ndinali ndi maselo okwanira kuyesa chimene ndinkafuna kuyambira kale. Maonekedwe awo anali atasintha. Anali ataliatali, osongoka, lililonse lili palokha, osafuna kukhudzana ndi linzake. Ndinaganiza kuti ndi matenda amene akuonetsa nkhope yake yeniyeni. Nditayeza kamaikulo kaja ndinapeza kuti katsala pang'ono kutheratu. Ndiye ndinakabwezeramo, kochita kupanga, n'kudikira. Patapita masiku, maselo anayamba kusendererana. Nsonga zija zinabwerera. Anaphwatalala, lililonse n'kutsamira anzake mbali zonse, mpaka pansi pa botolo ponse panayalika bwinobwino popanda mpata. Guluu anali atabwerera.

Lachiwiri limenelo sindinawauze kanthu alamu, ndinangowaikira botolo. Anaweramira, kenako ndinaona phewa lawo likugwedezeka.

"Ayala," anatero. "Mlamu, taonani mmene akumanira m'mphepetemu. Palibe ndi polowa chikhadabo pomwe. Ntchito imeneyi ndikuidziwa ine."

Anapukuta m'maso ndi mkono wa chovala choyera chija, n'kufunsa funso limene ndinkalidikira ndi mantha.

"Mukanawapatsa kameneka akadali moyo?"

"M'botolo n'zosavuta, alamu. M'thupi la munthu sitinafikepo."

Anagwedeza mutu ngati amva, n'kubwezeretsa diso pa maikulosikopu.

Nawo Pulofesa anasangalala, mwa kusangalala kwawo kosaonetsa mano. Anati zimene tapezazi n'zoyenera kuti anzathu a m'malabu ena azimve, koma tisanatero pali lamulo. Tiyenera kutsimikiza kuti maselo a m'botolo ndi a wodwala yemwe tikunenayo. Chipatala chimasunga kachidutswa ka chotupa chilichonse m'phula, ndiye amangofananiza DNA ya kachidutswako ndi ya m'botolo. Ndinatumiza ndikuimba nyimbo chamumtima. Kwa ine zinali ngati kufunsa mayi ngati mwana ali kumsana ndi wake.

Zotsatira zitabwera, Pulofesa anandiitanira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko, chimene sachitachita.

"Khalani pansi."

"Ndaima bwino."

"Maselo anuwa sakugwirizana ndi chotupa cha wodwala uja. Ngakhale pang'ono."

Ndinakhala pansi.

Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati kuti ine sindinali wa ntchito yomweyo. Chaka chimene achimwene anamwalira chija labu yathu inaitanitsa maselo ena a khansa ya m'matumbo kuchokera kunja, a mtundu umene malabu ambiri amagwiritsa ntchito. Anachokera kwa munthu amene anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo amaswana ngati udzu wa m'dzinja. Maselo a m'botolo langa anali amenewo.

"Zimangofunika dontho limodzi," anatero Pulofesa. "Botolo la chakudya likhale lomwelo, kapena kapaipi kothirira kakhudze pamene sikayenera. Patebulo paja timagwirapo anthu anayi. Akhoza kukhala aliyense, ngakhale ine, ndipo sitidzadziwa. Zagwerapo malabu akuluakulu kuposa yathu."

Zonsezi ndinkazidziwa. Ndimaziphunzitsa kwa ophunzira atsopano chaka ndi chaka. Selo limodzi lachilendo likagwera pakati pa maselo ofooka, limaswana msanga, limadya chakudya chonse, limalanda malo, eni ake n'kumatha pang'onopang'ono. Pa maikulosikopu suona nkhondo. Umangoona botolo likudzaza.

"Ndiye a wodwala uja ali kuti?" ndinafunsa.

"Anatha kalekale. Mwina nthawi imene munkati adzuka ija."

Ndinatuluka, n'kukaima m'khonde nditagwira khoma. Chimene ndinkachiopa chinali chitachitika kale, pamaso panga, masanasana. Achimwene ankatha m'botolo limene ndinkalinyamula ndi manja awiri, ine ndi akazi awo tikuomba m'manja. Ndipo kwa chaka chonse ndinkadzuka m'mamawa, ndinkakana maukwati ndi maulendo, kuti ndikadyetse mlendo amene anawalanda malo.

Lachiwiri linafika ndisanapeze mawu. Alamu anabwera, anavala chovala choyera okha monga anazolowera, n'kukhala pamalo pawo. Ine ndinatulutsa botolo n'kuliika. Ndinaima kumbuyo kwawo n'kumamva zonse.

"Pali nkhani," ankanong'oneza botolo lija. "Bambo wokonza zoumitsira tsitsi uja wandifunsira. Musakwiye, ndi munthu waulemu, akazi ake anamwalira. Ndamuuza kuti sindingathe. Ndati amuna anga sanapite onse."

Mayi ameneyu ankakana moyo chifukwa cha munthu amene sitinkamudziwa ndi dzina lomwe. Makina aja ankalira go, go, go m'chipinda chinacho, ndipo tsopano sindinkadziwa kuti wanjuta kumbuyo kwanga ndi ndani.

Panatsala kabotolo kamodzi kaja ka m'thanki. Ndinakaumitsa maselo a kunja aja asanalowe n'komwe pakhomo la labu yathu, ndiye pa kameneka panalibe chikaiko. Anali achimwene. Koma kabotolo kotere umakasungunula kamodzi kokha, ndipo maselo amene ndinaikamo anali ochepa ndi ofooka. Pulofesa anandiuza mosabisa kuti mwayi ndi wochepa.

"Mukhozanso kukasiya momwemo," anatero. "M'thanki kakhoza kukhala zaka zambiri. Palibe amene angakukakamizeni."

Ndinaliganizira bodza limenelo, ndipo linali lokoma. Ndikanauza alamu kuti maselo tawagoneka, kuti achimwene ali mtulo m'thanki, si amoyo si akufa. Sindikanakhala kuti ndanama kwenikweni. Koma ndinawaona m'maganizo akubwera Lachiwiri lililonse mpaka imvi, kudzakhala pafupi ndi chithanki chachitsulo n'kumachiuza za mpopi wa kubafa. Ndinadziona ndi ine ndemwe ndikuchita chimodzimodzi. Ndinaona kuti ndi bwino kudziwa.

Ndinatsegula thanki m'mawa. Nthunzi yoyera inasefukira pansi n'kundizinga miyendo. Ndinakapeza kabotolo kaja kali ndi nambala yolembedwa ndi dzanja langa, n'kukaviika m'madzi ofunda. Kusungunula kumafunika changu, ndiye panalibe nthawi yopemphera. Kachidutswa ka ayezi kanazungulira m'kati, kanachepa, kanatha. Ndinathira m'botolo latsopano, ndi chakudya chochokera m'botolo losatsegulapo, patebulo limene ndinalipukuta mpaka m'manja munauma. Ndinatseka kabati, n'kunena mokweza, osasamalanso za amene angamve, kuti, "Achimwene, gwirani pansi."

M'mawa mwake anali akuyandama. Ndinadziuza kuti maselo ena amachedwa, kuti awa anali aulesi kuyambira kale. Tsiku linalo anali akuyandamabe, obulungira, akungotengeka ndi madzi ndikapendeketsa botolo. Ndinawapatsa masiku ena, madzi osasintha mtundu ngakhale pang'ono, chifukwa panalibe wodya. Pomaliza ndinatapa dontho limodzi n'kulisakaniza ndi utoto wabuluu umene timayezera. Selo lamoyo limaukana utotowo, lakufa limaumwa. Ndinafufuza dontho lonselo, ngodya ndi ngodya, kufuna limodzi lokha loyera. Onse anali abuluu.

Alamu atafika Lachiwiri anapeza ndawadikira pakhomo. Anandiyang'ana kumaso kamodzi kokha, n'kuika chikwama pansi.

"Chachitika n'chiyani?"

Ndinawakhazika, n'kuwauza zonse, kuyambira pa dontho limodzi lija. Sindinakometse. Anamvetsera manja ali pamiyendo, osaphethira.

"Mlungu wathawu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munandisiya ndikuulula za m'nyumba mwanga kwa munthu wosamudziwa, inu mutaima kumbuyoku?"

"Pepani, alamu. Mawu anandithera."

"Inu? Mawu kukutherani inu?" Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndi mwamuna kapena mkazi, amene ndakhala ndikucheza nayeyu?"

"Amati anali mwamuna."

"Ali ndi abale?"

"Sindikudziwa."

"Amva zambiri bambo amenewo," anatero. "Ndipo ndinati ndikuidziwa ntchito ya amuna anga. Ndinalumbira ndithu."

"Nanenso ndinakhulupirira."

"Enieniwo ali kuti?"

Ndinalowa m'kati, n'kutulutsa botolo latsopano lija m'kabati, n'kuliika pa maikulosikopu. Alamu anaweramira. Anayang'ana timipira tija tikuyandama, kalikonse pakokha.

"Awa ndiye iwowo?"

"Awa ndiye iwowo."

"Sakugwira pansi."

"Sakugwira."

"Apatseni kamankhwala kanu kaja, kogwirizanitsa kaja."

"Kamagwira ntchito pa amoyo okha, alamu."

Anadzutsa mutu. Sanalire. Anafunsa kuti tsopano ndichita nawo chiyani, ndipo ndinawauza zoona, kuti maselo a khansa satuluka mu labu. Timathiramo bulichi, kenako botolo limapita kokatenthedwa. Anapempha kuti apite nalo akalikwirire pamanda, ndinakana. Anapemphanso, ndinakananso, ndipo kukana kwachiwiriko kunandiwawa kuposa chilichonse chimene ndanenapo pa ntchito imeneyi.

"Chabwino," anatero. "Koma musathire ine kulibe. Tsiku lija m'chipatala ndinatuluka kukaitana namwino. Ndinangopita apa ndi apo. Pobwera ndinapeza inu mwawatseka kale maso. Ine sindinawagwire akupita, mlamu. Ndinawagwira atapita."

Zimenezi anali asanandiuzepo. Ndinkakumbukira kuti ndinali ndekha pambali pa bedi paja, koma sindinaganizepo za amene anali m'khonde akuthamanga.

Ndinatenga magolovesi m'bokosi n'kuwaveka ndekha, chala ndi chala. Ndinamanga chivindikiro cha botolo mwamphamvu, n'kulipukuta, n'kuliika m'manja mwawo. Pulofesa anadutsa pakhomo nthawi yomweyo, anaima, anaona mlendo atagwira botolo, n'kupitirira.

Alamu anadzidzimuka. "N'lofunda."

"Kabati ija imafunda mofanana ndi thupi la munthu."

Analifumbata ndi manja awiri, n'kulibweretsa pachifuwa. Sanalankhule nalo. Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pawo, botolo la bulichi lili patebulo losatsegula. Kunja kunkadutsa ngolo ya zovala za odwala, mawilo ake akulira. Tinakhala choncho nthawi yaitali, ndipo sindinayang'ane wotchi.

Kenako alamu anasuntha zala zawo pabotolo, kufunafuna mbali ina, n'kulitembenuza, n'kufunanso.

"Mlamu," anatero motsitsa, "ayamba kuzizira."